Norton ndi Lamulo la Pamwamba pa Nyanja

Msewu waukulu wochoka ku Harare kupita ku Bulawayo ukangowoloka mtsinje wa Manyame, mlendo amayamba kuona zizindikiro za Norton. M'mbali mwa msewu mumaima amayi ndi anyamata atakweza nsomba m'mwamba kuti oyendetsa galimoto azione, ndipo patsogolo pang'ono nkhokwe zazitali za simenti za bungwe la Grain Marketing Board zimatulukira pamwamba pa mitengo. Tawuniyi ili pa mtunda wa makilomita 40 kumadzulo kwa Harare, m'chigawo cha Mashonaland West, ndipo pa kalembera wa mu 2012 munapezeka anthu oposa 67,000. Dzina lake linachokera ku banja la azungu la a Norton, limene linaphedwa pa famu yawo mu 1896 pa nkhondo yoyamba ya Chimurenga. Mozungulira monsemo muli minda ya chimanga, fodya ndi tirigu, m'mafamu amene anthu a kuno amawatcha mapulazi.

Madzi alipo ambiri kuno. Chakum'mawa kuli nyanja ya Chivero, imene inapangidwa potseka mtsinje wa Manyame mu 1952, ndipo chakumpoto kuli nyanja ya Manyame imene inatsatira mu 1976. Koma zonsezi ndi nyanja zochita kupanga, zoti msodzi ali pakati amaona mtunda. Nyanja ya mchere ili kutali, ku Beira, ulendo wa makilomita pafupifupi 600 pa msewu, ndipo munthu atha kubadwira ku Katanga kapena ku Ngoni, n'kukalamba, osaiona. Ngakhale zili choncho, mbiri ya Norton inalukana ndi mbiri ya ndege ndi ya wailesi. Funso limene limakhala m'mutu mwa woyendetsa ndege ali pakati pa nyanja, lakuti kodi akaitana alipo amene amumve, ndi lomwenso anthu a m'makomboni a dera lino, ambiri mwa iwo zidzukulu za Amalawi, akhala nalo kwa zaka zambiri.

Ndege zopanda wailesi

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itayamba, dziko la Britain linafuna malo ophunzitsirako oyendetsa ndege, kutali ndi adani komanso kumene kumwamba kumakhala koyera miyezi yambiri. Dziko la Southern Rhodesia linali limodzi mwa mayiko amene anasankhidwa. Kuyambira mu 1940 mabwalo a ndege anatsegulidwa ku Belvedere, Cranborne ndi Mount Hampden pafupi ndi Salisbury, mzinda umene lero ndi Harare, komanso kufupi ndi Gwelo ndi Bulawayo, onse pansi pa gulu la Rhodesian Air Training Group. Norton inalandira sukulu yapadera, yophunzitsa aphunzitsi a oyendetsa ndege, imene inagwira ntchito kuno kuyambira mu 1942 mpaka nkhondo itatha. Ntchito yolambula mabwalo a m'dzikoli ndi kumanga misasa inagwiridwa ndi anthu akuda, ndi makasu ndi mapiki, ambiri mwa iwo ochita kugwidwa m'midzi.

Ndege imene ophunzira ambiri a nthawi imeneyo ankayambira inali Tiger Moth, kandege ka mapiko osanjikizana okutidwa ndi nsalu. Wailesi munalibe. Mphunzitsi ndi wophunzira ankalankhulana kudzera m'paipi ya labala, ndipo amene anali pansi ankawapatsa chizindikiro ndi nyali yofiira kapena yobiriwira. Wophunzira akasochera, nzeru inali kufunafuna njanji n'kuitsatira mpaka atazindikira malo. Akagwa m'tchire, anzake ankadziwa pokhapokha nthawi yobwerera ikadutsa iye osaoneka. Zida zodziwira tsoka zinali wotchi ndi buku lolembamo amene wanyamuka.

Nkhondo yomweyo ndi imene inatsegula njira za pamwamba pa nyanja. Mu November 1940 ndege zankhondo zinayamba kuwoloka nyanja ya Atlantic kuchokera ku Gander, ku Newfoundland, kupita ku Britain, ndipo pofika kumapeto kwa nkhondo zinali zitawoloka zikwizikwi. Mu December 1944 mayiko anasaina pangano ku Chicago, limene linabala bungwe la ICAO, loona za ndege zosakhala zankhondo, lomwe likulu lake lili ku Montreal. Mfundo za bungweli ndi zimene mayiko, kuphatikizapo Zimbabwe, Malawi, Zambia ndi Mozambique, amatengerako malamulo awo a ndege. Imodzi mwa mfundozo imati ndege yonyamula anthu kupita kunja ikhale ndi zida zoti itha kulankhulana ndi siteshoni ya pansi pa nthawi ina iliyonse ya ulendo wake.

Machona ndi wailesi ya sefuliya

Pamene ndege zinkazungulira pamwamba pa Norton, pansi panali anthu ena amene nawonso anachita kuwoloka madzi. Anyamata ochokera ku Dedza, Ntcheu, Mangochi, Mzimba ndi madera ena a Nyasaland ankayenda milungu ingapo kudzera ku Tete, n'kuwoloka Zambezi, kudzafuna ntchito m'mafamu a fodya ndi m'migodi. Ena ankabwera pa malole a Ulere, ena polembedwa ndi bungwe limene anthu ankalitcha Mthandizi. Ambiri ankanyamuka ndi lonjezo lobwerera pakatha zaka ziwiri, ali ndi njinga ndi bulangete. Makalata ankayenda pang'onopang'ono, kenako ankasiya. Kumudzi ankadikira mpaka kutopa, mkazi n'kusudzulidwa kuti akwatiwe kwina, ndipo munthuyo ankalowa m'gulu la machona. Panalibe tsiku loikika limene abale akanati nthawi yakwana, tiyeni tikamufunefune.

Mu 1949 kampani ya Ever Ready ya ku Britain, mogwirizana ndi akuluakulu a wailesi ya ku Lusaka, inatulutsa wailesi ya batire yotsika mtengo. Thupi lake linali ngati sefuliya, n'chifukwa chake inatchedwa Saucepan Special, ndipo inkagulidwa mapaundi 5, batire padera. Siteshoni ya Central African Broadcasting Station inkaulutsa mawu kuchokera ku Lusaka m'Chinyanja, Chibemba, Chitonga, Chilozi, Chishona ndi Chindebele. Kapitawo kapena telala amene wakwanitsa kuigula ankapezeka kuti komboni yonse yasonkhana pakhomo pake madzulo. Kwa munthu amene anachoka kwawo kalekale, kumva chinenero chake chikutuluka m'kasefuliyako kunkalowa m'malo mwa kalata imene sinabwere.

Kuchokera ku Lusaka kufika ku Norton pali makilomita pafupifupi 400 mowongoka, ndipo pakati pali mapiri ndi chigwa cha Zambezi. Nanga mawuwo ankadutsa bwanji? Mafunde a wailesi ali m'magulu. Ena, monga a FM ndi a foni zam'manja, amayenda mowongoka ngati kuwala kwa tochi. Phiri likawatchinga, kapena dziko likapindika, amathera pomwepo. Koma mafunde a shortwave, amene akatswiri amawatcha HF, amakwera kukagunda mpweya umene uli makilomita oposa 100 pamwamba pathu, umene dzuwa limaupatsa mphamvu ya magetsi, n'kubwerera pansi kutali kwambiri ndi kumene anachokera, monga mmene mawu amabwererera munthu akakuwa moyang'ana phiri. Mpweyawo umasintha usana ndi usiku, n'chifukwa chake wailesi ija nthawi ina inkamveka bwino, nthawi ina n'kumangosokosera. Mafunde omwewo, pamodzi ndi phokoso lake, ndi amene akhala akusunga miyoyo ya okwera ndege pamwamba pa nyanja kwa zaka zoposa 80.

Zimene ndege iyenera kunyamula

M'zaka za m'ma 1980 ndi 1990 kampani ya Qantas inkayendetsa ndege pakati pa Harare ndi Perth, ku Australia, ulendo wa makilomita oposa 8,000, ndipo mu 2004 Air Zimbabwe inayamba kupita ku Beijing kudzera ku Singapore. Maulendo amenewa anatha. Lero munthu wa ku Norton wopita ku Australia kapena ku Brazil kawirikawiri amakasinthira ndege ku Johannesburg, koma nyanja zake ndi zomwezo.

Ndege ikamanyamuka pa bwalo, woyendetsa amalankhula ndi oyang'anira kayendedwe ka ndege pa wailesi ya VHF, pa mafunde a pakati pa 118 ndi 137 MHz. Mawu amamveka bwino, koma malire ake ndi omwe aja a tochi: ngakhale ndege itakwera makilomita 11 m'mwamba, VHF imafika makilomita pafupifupi 400 okha kuchokera pa mlongoti. Rada, chida chimene chimaonetsa ndege pa galasi la woyang'anira, imatheranso chapomwepo. Ndege yochoka ku Harare kupita ku Perth ikadutsa gombe la Mozambique ndi chilumba cha Madagascar, milongoti inkatha, ndipo kwa maola ambiri panalibe amene ankaiona.

Apa ndi pamene lamulo la pa nyanja limayambira. Malamulo a mayiko ambiri amafuna kuti ndege yonyamula anthu ikhale ndi njira ziwiri zolankhulira patali, zosadalirana, kuti imodzi ikafa inzake isafe nayo. Kwa zaka zambiri njira ziwirizo zinali mawailesi awiri a HF, ogwira pa mafunde a pakati pa 3 ndi 22 MHz. Masiku ano madera ambiri amalola kuti imodzi ikhale foni yodzera pa setilaiti, koma HF imodzi imafunikabe. Asanachoke m'dera la VHF, woyendetsa amapatsidwa manambala awiri a HF, yoyamba ndi yapadera. Usana manambala apamwamba ndiwo amagwira bwino, usiku apansi, potsata kusintha kwa mpweya uja. Mlengalenga wa pamwamba pa nyanja unagawidwa ngati minda, ndipo chigawo chilichonse chili ndi mwini wake amene ali ndi udindo womvera. Pa nyanja ya India pali zigawo monga za Beira, Antananarivo, Mauritius, Johannesburg, ndi Melbourne kumbali ya Australia.

Phokoso la HF ndi lotopetsa, ndipo kulimvera usiku wonse kungamulemetse munthu mutu. N'chifukwa chake kuli chida chotchedwa SELCAL. Ndege imapatsidwa zilembo zinayi, ndipo wa pansi akafuna kuiitana amatumiza kamvekedwe ka zilembozo. Belu limalira m'chipinda cha oyendetsa, nyali n'kuyaka, iwo n'kukweza wailesi kuti ayankhe. Belulo amaliyesa polowa m'chigawo cha nyanja. Likapanda kulira, woyendetsa mmodzi amakhala atavala zomvetsera kumakutu mpaka kutsidya.

Chida pachokha sichikwanira. Pa malo oikika m'njira woyendetsa amapereka lipoti: ndine ndege yakuti, ndili pa malo akuti, nthawi ndi yakuti, ndakwera mafiti akuti, pa malo otsatira ndikafika nthawi yakuti. Onse amagwiritsa ntchito nthawi imodzi, ya UTC, imene ili kumbuyo ndi maola awiri poyerekeza ndi ya ku Zimbabwe ndi Malawi. Wa pansi amalemba, ndipo popeza ndegeyo sakuiona, amasiya mpata waukulu pakati pa iyo ndi inzake. Kwa zaka zambiri pa North Atlantic mpatawo unali wa mphindi 10 pakati pa yotsogola ndi yotsatira.

Kuyambira mu 1995, ku nyanja ya Pacific, oyendetsa ndege ndi oyang'anira anayamba kutumizirana mauthenga olemba, ofanana ndi a pa foni, kudzera pa setilaiti. Njirayi imatchedwa CPDLC, ndipo inzake, ADS-C, imachititsa kompyuta ya ndege kutumiza yokha malo amene ili pa nthawi zogwirizana. Pa North Atlantic, pamene pamadutsa ndege zambiri kuposa pa nyanja ina iliyonse, kuyambira mu 2020 ndege yopanda zida zimenezi siloledwa m'mbali zambiri kuuluka pakati pa mafiti 29,000 ndi 41,000, mmene ndege zazikulu zimayenda mosawononga mafuta.

Ngakhale VHF sifika kumtunda, saizimitsa. Wailesi imodzi amaitchera pa 121.5 MHz, nambala ya ngozi ya dziko lonse, ina pa 123.45 MHz, pamene oyendetsa ndege amalankhulana okhaokha. Amene HF yake yakana atha kupempha mnzake wa kampani ina, amene ali chapafupi, kuti amuperekere uthenga. Paja kali kokha n'kanyama, ali awiri ndi anthu. Pamwamba pa madera ena a Africa, kumene kulankhula ndi pansi kunkavuta ngati pa nyanja, bungwe la makampani a ndege la IATA linaika nambala ya 126.9 MHz kuti woyendetsa aliyense azilengeza yekha kumene ali. Ndege zimene m'zaka za m'ma 1990 zinkanyamula maluwa ndi nsawawa za m'mafamu a Mashonaland kupita ku Ulaya zinkadutsa m'madera oterowo. Chomaliza ndi kachida kotchedwa ELT, kamene kamayamba kulira kokha ndege ikagwa, pa 406 MHz, n'kumveka ku masetilaiti a Cospas-Sarsat.

Chete ndi uthenga

Lamulo lalikulu kuposa onse silikhudza chida. Mfundo za ICAO zimati pakadutsa mphindi 30 ndege isanamveke pa nthawi imene inayenera kumveka, oyang'anira alengeze kuti pali chikayiko n'kuyamba kufunsa. Kufunsako kukapanda kuphula kanthu amalengeza chenjezo, kenako ngozi, ndipo opulumutsa amanyamuka. Sadikira kuti wina aitane. Chete weniweniyo amamutenga ngati uthenga.

Pamene lamuloli linafooka, mtengo wake unali waukulu. Pa 13 September 1997 ndege ya asilikali a Germany, ya mtundu wa Tupolev 154, inawombana ndi ndege ya asilikali a America, C-141, pamwamba pa nyanja ya Atlantic kufupi ndi gombe la Namibia. Anthu onse 33 anafa. Uthenga wa ulendo wa ndege ya ku Germany sunafike kwa oyang'anira a ku Windhoek, ndipo panapita maola ambiri anthu asanazindikire kuti ndege ziwiri zasowa.

Pa 1 June 2009 ndege ya Air France yochoka ku Rio de Janeiro kupita ku Paris inagwera m'nyanja ndi anthu 228. Chimene chinaigwetsa sichinali wailesi. Koma italankhula komaliza pa HF ndi oyang'anira a ku Brazil, kompyuta yake inalephera kulumikizana ndi ya ku Dakar, chigawo chimene imalowera, ndipo maola anadutsa oyang'anira akufunsana kuti ndegeyo ili ndi yani. Mabwinja ake anapezeka mu April 2011, mamita pafupifupi 3,900 pansi pa madzi. Pa 8 March 2014 ndege ya Malaysia Airlines, MH370, inasowa ndi anthu 239, ndipo zina mwa zidutswa zake zinadzatoledwa m'gombe la Mozambique. Zitachitika izi ICAO inaika mfundo yakuti kuyambira mu November 2018 makampani azidziwa pamene ndege zawo zazikulu zili pa nyanja mphindi 15 zilizonse.

Amalawi ali ndi chilonda chawo pa nkhaniyi. Pa 10 June 2024 ndege ya asilikali ya Dornier 228 inagwa m'nkhalango ya Chikangawa, ndipo wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, Dr Saulos Chilima, ndi anthu ena 8 anamwalira. Inapezeka tsiku lotsatira. Akatswiri a ku Germany amene anafufuza ngoziyo analemba kuti batire la ELT ya ndegeyo linatha ntchito mu 2004. Chida chinalimo, koma chinali chitasiya kulankhula zaka 20 m'mbuyomo.

Wailesi inali m'nyumba ya bwana

Mafamu a m'dziko lino analidziwa bwino lamulo la chete. Pa nkhondo yomenyera ufulu ya m'ma 1970, nyumba zambiri za alimi achizungu zinaikidwa mawailesi otchedwa Agric-Alert, olumikizana ndi polisi komanso mafamu oyandikana nawo. M'mawa ndi madzulo ankaitana mayina. Famu imene sinayankhe inkatumiziridwa anthu. Zonse zinali monga mmene zimakhalira pa nyanja: chida choyesedwa, nthawi yoikika, ndi womvera amene ali ndi udindo. Koma kabokosiko kanali m'nyumba ya bwana. Komboni, mmene munkagona mabanja ambirimbiri, sinali pa mndandanda woitana.

Kulanda mafamu kutayamba mu 2000, eni mafamu ankauzana pa mawailesi zimene zikuchitika ola lomwelo, pamene za antchito zinkamveka mochedwa. Lipoti limene linalembedwera bungwe la Farm Community Trust of Zimbabwe mu 2003 linati antchito a m'mafamu pafupifupi 200,000, mwa oposa 300,000, anali atataya ntchito. Ochepa kwambiri mwa iwo ndiwo analandira malo. Lamulo la unzika limene linasinthidwa mu 2001 linachititsa kuti ambiri obadwira kuno, amene makolo awo anachokera ku Malawi, Mozambique ndi Zambia, awerengedwe ngati alendo, ndipo ziphaso zawo zinkanena zomwezo. Ku Malawi nakonso ambiri sankadziwa mudzi kapena mfumu ya agogo awo.

Mlendo wochokera ku Harare amadutsa pafupi ndi malo amene panali Porta Farm. Boma linatulapo anthu mu 1991, pokonzekera msonkhano wa atsogoleri a mayiko a Commonwealth, ndi mawu akuti ndi pongoyembekezera. Anakhalapo zaka 14, n'kumanga sukulu, mpaka mu June 2005 pamene nyumba zawo zinagwetsedwa pa Operation Murambatsvina, anthu zikwi zingapo n'kumwazikana. Kufupi ndi Norton kulinso Lydiate, mudzi wa zisakasa umene ambiri okhalamo ndi mbadwa za Amalawi, amene amadalira maganyu m'mafamu oyandikana nawo, ndipo Gule Wamkulu, amene Ashona amamutcha Zvigure, amavinidwabe kumeneko.

M'zaka zovutazo shortwave inabwereranso m'nyumba za anthu. SW Radio Africa inkaulutsa mawu kuchokera ku London kuyambira mu 2001 mpaka 2014, ndipo Studio 7 ya Voice of America inayamba mu 2003. Mu February 2013 apolisi analetsa mawailesi opukusa ndi oyendera dzuwa amene mabungwe ankagawa. Koma wailesi zoterezi, monga ya sefuliya ija, ndi zomvera chabe. Munthu wa m'komboni ankamva dziko likulankhula, iye wopanda poyankhira.

Malamulo aakulu a dziko a mu 2013 anabwezera unzika kwa obadwira m'Zimbabwe amene kholo lawo linachokera ku dziko la m'bungwe la SADC, malinga ngati ankakhala m'dzikoli. Komabe mu 2021 bungwe la Amnesty International linapeza kuti ambiri analibebe mapepala, chifukwa makolo amene akanawachitira umboni anamwalira opanda mapepala awo. Mwana wopanda chikalata cha kubadwa amavutika kulemba mayeso a boma. Wamkulu wopanda chiphaso sangalembetse nambala ya foni m'dzina lake, ndiye kuti ngakhale ndalama za pa foni amalandirira kwa mnzake. Munthu wotere ali ngati ndege imene ulendo wake sunalembedwe paliponse: akasowa, palibe wotchi imene imayamba kuwerenga.

Konza kapansi

Masiku ano foni zam'manja zili paliponse ku Norton, pa msika wa Katanga ngakhale m'mabwato a asodzi. Koma foni ili m'gulu limodzi ndi VHF: imadalira mlongoti wapafupi, ndipo mlongotiwo umadalira magetsi. Namondwe wa Idai atagwa ku Chimanimani ndi Chipinge mu March 2019, komanso wa Freddy kum'mwera kwa Malawi mu March 2023, misewu, magetsi ndi mafoni zinaduka nthawi imodzi m'madera ambiri, ndipo midzi ina inakhala masiku osamveka. Pa masiku oyambirira, mudzi umene sunadandaule umaoneka ngati uli pa mtendere, chonsecho nthawi zina ndiwo umene wakokoloka.

Zimene oyendetsa ndege anaphunzira ndi imfa za anzawo sizifuna ndalama zambiri kuti kalabu ya alimi, gulu la asodzi kapena komiti ya zangozi ya m'mudzi izitsatire. Njira zoperekera uthenga zikhale ziwiri zosadalirana: foni ya kampani imodzi ndi ya kampani ina, foni ndi wailesi ya batire, kapena foni ndi mnyamata wa njinga wodziwika ndi dzina. Ziyesedwe nyengo ya mvula isanayambe, chifukwa batire losayang'anidwa limafa mwakachetechete. Pakhale nthawi yogwirizana imene mudzi uliwonse, kapena bwato lililonse limene lalowa pa Chivero ndi pa Manyame, liyenera kumveka. Pakhalenso munthu mmodzi amene ntchito yake ndi kumvera, amene akudziwa kuti nthawiyo ikadutsa ayenera kuimirira. Ndipo mndandanda woitana ukhale ndi aliyense, kuphatikizapo wa m'komboni amene alibe chiphaso.

Mndandanda woterowo suyenera kuyambira pachabe. Amalawi a m'Zimbabwe ndi odziwika ndi mabungwe awo a maliro, amene amasunga mabuku a mayina ndi zopereka mwezi ndi mwezi. Mipingo ya CCAP ya Sinodi ya Harare, mizikiti ya Ayao ndi akuluakulu a Gule amadziwa amene wabadwa, amene wadwala, ndi amene sanaoneke sabata ino. Mlangizi kapena wogwira ntchito zachitukuko amene wafika ku Norton ndi mafomu ake angachite bwino kukhala pansi ndi osunga mabuku amenewa, popeza m'mabukumo muli mayina amene m'kaundula wa boma mulibe, ndipo ndi momwemo mmene mungapezeke mboni za mwana wofuna chikalata cha kubadwa.

Akuluakulu anati konza kapansi kuti kam'mwamba katsike. Ndege imatera bwino ku Perth chifukwa usiku wonse panali munthu ku Johannesburg, ku Mauritius kapena ku Melbourne amene anali ndi dzina lake patsogolo pake, akuyang'ana wotchi. Makomboni a ku Norton akhala zaka zoposa 100 akulima chakudya cha dziko, ndipo ambiri mwa okhalamo akudikirabe kuti dzina lawo lilembedwe pa mndandanda wotero.